Odwala anga amangobwerera kuwodi: ndisiye unamwino ndikaphunzire social work?

Funso: Ndine namwino, ndagwira ntchito zaka 6 m'wodi ya akuluakulu. Chimene chimandiwawa n'chakuti odwala timawatulutsa ali bwino, koma pakangotha mwezi umodzi kapena iwiri abweranso, ena atafooka kuposa poyamba. Ndimalakalaka nditadziwa zimene zimachitika akafika kunyumba. Ndaona ntchito zikulengezedwa, zina za case manager, zina za social worker, zina akuti clinical case manager. Kodi zimasiyana pati? Ndiyambirenso sukulu? Anzanga amati ndili ndi mtima wabwino, ndiye ndingaithe ntchitoyi. Koma ndikuopa kusiya ntchito yodalirika n'kudzazindikira mochedwa kuti ndinalakwitsa.

Yankho: Achemwali, funso limene likukusowetsani tulo, loti chimachitika n'chiyani wodwala akangodutsa pageti la chipatala, ndi lomwelo linabala ntchito mukufunsayi. Ine ndakhala social worker wa m'chipatala kwa zaka zoposa 20, ndipo masiku ano ndimayang'aniranso ophunzira amene amatumizidwa kudzazolowera ntchito. Ndikuyankhani monga ndikanayankhira mng'ono wanga, osakometsera.

Tiyambe ndi mayinawa, chifukwa amasokoneza ngakhale olemba ntchito eniakewo. Social work ndi ntchito yothandiza anthu ndi mabanja pa mavuto a moyo wawo, ndipo ndi yoiphunzira kusukulu. Ili ndi digiri yake, malamulo ake a khalidwe, ndipo m'maiko ambiri ili ndi bungwe lolembetsa anthu ake, chimodzimodzi unamwino. Case manager ndi mpando. Pampandopo pangakhale namwino, social worker, katswiri wa zamaganizo, ngakhale munthu amene anangochita kosi ya miyezi ingapo. Udindo wa wokhala pampandowo ndi umodzi: kutenga munthu amene mavuto ake ndi ambiri ndipo akufunika thandizo la m'maofesi osiyanasiyana, n'kuonetsetsa kuti sakutayika pakati pa khomo ili ndi khomo lija. Choncho mukaona chilengezo cha ntchito, musatengeke ndi dzina lili pamwamba. Tsikani m'munsi pamene alemba zoyenereza. Ngati akufuna chiphaso cha unamwino ndi zaka zingapo za m'wodi, ntchitoyo mukhoza kufunsira mawa lomwe. Ngati akufuna digiri ya social work ndi kulembetsa ku bungwe lake, njira yachidule palibe.

Ndipo musadzione ngati mlendo pankhaniyi. Mu 1895 chipatala cha Royal Free ku London chinalemba ntchito mayi Mary Stewart. Chimene anamulembera sichinali chifundo kwenikweni: ankafuna munthu wofufuza ngati odzalandira chithandizo chaulere analidi osauka. Koma ukayamba kufunsa wodwala za ndalama, umamvanso za lendi, za ana, za ntchito imene yatha chifukwa cha matenda, ndiye ntchito ija inakula yokha. Mu 1905 dokotala Richard Cabot wa pachipatala cha Massachusetts General ku Boston anatopa ndi kupereka malangizo amene odwala sakanatha kuwatsatira. Kumuuza munthu wa TB kuti azipuma ndi kugona m'chipinda chopita mphepo, pamene banja lonse likukhala m'kachipinda kamodzi ndipo akapanda kupita kuntchito ana agona ndi njala, n'kungotaya mawu. Munthu woyamba amene Cabot anamulemba kuti azitsatira odwala otere, Garnet Pelton, anali namwino. Amene anadzaikhazikitsa ntchitoyo n'kuitsogolera mpaka 1945, Ida Cannon, nayenso anayambira ku unamwino.

Nanga liwu loti clinical likuwonjezera chiyani? Mbiri yake ili m'matenda a maganizo. Kuyambira zaka za m'ma 1960, makamaka pambuyo pa lamulo limene pulezidenti John F. Kennedy anasainira mu 1963, dziko la America linayamba kutulutsa anthu ochuluka m'zipatala zikuluzikulu za odwala maganizo. Mkati mwa chipatala zonse zinali pansi pa denga limodzi: pogona, chakudya, mankhwala, dokotala. Kunja zonsezo zinali zomwazikana, ofesi iliyonse ndi mafomu ake. Poyamba anaganiza kuti chofunika ndi munthu wolozera njira basi, woti amve vuto, alembe kalata, anene kuti pitani pakhomo lakuti. Zinaoneka msanga kuti munthu amene akumva mawu m'mutu mwake, kapena amene kuvutika maganizo kwamugoneka moti sakutha kudzuka pabedi, sapita pakhomo lakuti chifukwa choti wapatsidwa pepala.

Ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Leonard Stein, Mary Ann Test ndi anzawo anaona zomwe mukuona inuzi: wodwala amachira m'wodi, akatuluka zonse zija zimasungunuka. Anachita chinthu chodabwitsa panthawiyo, anatulutsa ogwira ntchito m'wodi n'kuwatumiza kumene odwala amakhala. Njira yawoyo lero imatchedwa Assertive Community Treatment, ndipo imafuna wogwira ntchito mmodzi pa odwala pafupifupi 10, m'gulu lopezeka usana ndi usiku. Kenako mu 1989 social worker wina, Joel Kanter, analemba nkhani yofotokoza clinical case management imene ambiri amaitchulabe. Mfundo yake inali yoti munthu yemweyo amene akuthandiza wodwala kupeza pogona kapena mankhwala akhalenso ndi luso lomvetsa zimene zikuchitika m'maganizo mwake, lozindikira msanga kuti matenda akubwerera, ndi loyenda limodzi ndi banja lake. Ndiye mukaona liwu loti clinical padzina la ntchito, yembekezerani kuti akufuna munthu wotha kuyeza vuto yekha, kupereka uphungu, ndi kuima nji zinthu zikavuta mwadzidzidzi. Komabe werenganibe zoyenereza zija, poti olemba ntchito ena amaikapo liwuli pongokongoletsa.

M'chipatala chimene zinthu zikuyenda bwino, namwino wa pampandowu ndi social worker amagwira ntchito ngati manja awiri. Namwino amayang'ana kwambiri za mankhwala, mabala, zipangizo zofunika kunyumba, tsiku lobwerera kukliniki, ndiponso, kumene kuli inshuwalansi, kutsimikizira kampani kuti wodwala akuyeneradi kugonekedwa. Social worker amalowa m'zovuta za m'banja, nkhanza, ana osowa owasamalira, uchidakwa, kusowa pogona, maliro, ndi munthu amene sakuthanso kudzisankhira yekha. Malire ake si a mpanda wa njerwa, koma kulemera kwa ntchito kumapendekera motero.

Ndikuonetseni tsiku limodzi. Bambo wina wazaka 68 anagonekedwa atachita sitiroko, mbali ya kumanja itafooka. Dokotala analemba kuti atuluke Lachisanu. Mwana wawo wamkazi anali pambali pa bedi, ndipo nditafunsa za kunyumba anayankha msangamsanga kuti, “Musadandaule amayi, tikawasamala.” Ndikanakhala wongoyamba kumene ndikanalemba kuti banja ndi lokonzeka, n'kupita pabedi lina. M'malo mwake ndinakhala pansi n'kufunsa kuti, “Nanga akafuna kupita kuchimbudzi 2 koloko usiku, adzawadzutse ndani?” Anangoti zii, kuyang'ana zala zake. Pang'onopang'ono zinatuluka: iye amagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mayi ake ali ndi vuto la msana, pakhomo lolowera m'nyumba pali masitepe atatu. Mawu oti tikawasamala anali oona mtima, koma munalibe ndondomeko m'kati mwake.

Kenako ndinatembenukira kwa bambowo, amene sabata yonse anthu ankangolankhula za iwo ali pomwepo ngati palibe. Lilime linali lolemera, ndiye ndinadikira. Sananene zoti akufuna kuyendanso, sananene za mankhwala. Anati, “Mwana wangayu asamandisambitse.” Basi. Ndondomeko yonse inamangidwa pa mawu atatu amenewo: mpando wosambirapo, chogwirira pakhoma, mphwawo wamwamuna woti azibwera masiku ena, ndi katswiri wa zolimbitsa ziwalo amene anayamba ndi kuwaphunzitsa kudzisambitsa ndi dzanja lamanzere. Masewero olimbitsa thupi amene ankawakana sabata yonse anayamba kuwachita okha, chifukwa tsopano anali ndi chowachitira. Kukambiranako kunatenga mphindi 40. Mafoni, makalata ndi kulemba m'fayilo zinatenga masiku awiri.

Kusiyana kwa mphindi 40 ndi masiku awiri kumeneko mukuganizire bwino, chifukwa ndi mmene ntchitoyi ilili. Ambiri amabwera akuyembekeza kukhala tsiku lonse akumvetsera anthu ndi kuwatonthoza. Amadzapeza kuti gawo lalikulu ndi foni yosayankhidwa, ofesi yonena kuti bweraninso mawa, msonkhano wa gulu la achipatala, ndi kulemba, kulemba, kulemba. Mary Richmond, amene buku lake la mu 1917 lotchedwa Social Diagnosis linayala maziko a ntchito yathu, analimbikira kwambiri zosonkhanitsa umboni mosamala ndi kuusiyanitsa ndi zongoganizira. Mpaka lero ophunzira anga ndimalimbana nawo pomwepo. Wina amalemba kuti “mayiyu sasamala ana ake”. Ndimamubwezera fayilo. Lemba zimene waona ndi maso: mwana anabwera masiku atatu otsatizana asanadye, mayi anati akugwira ntchito usiku. Fayilo ikhoza kudzawerengedwa m'khoti, ikhoza kudzawerengedwa ndi mwini wakeyo, ndipo idzawerengedwa ndithu ndi mnzako amene adzatenge wodwalayo iwe ukadzachoka.

Tsopano za mtima wabwino zimene anzanu akunena. Sindikutsutsa, mtima wabwino ndi umene umabweretsa anthu pakhomo pathu. Koma ine ndinali nawo mtima wabwinowo tsiku limene ndinalakwitsa kwambiri. M'chaka changa chachiwiri pantchito ndinali ndi mnyamata wazaka 19 wa matenda a shuga, wodalira jakisoni wa insulin. Ndinacheza naye bwino, tinamvana, ndinamulembera kalata yopita nayo kukliniki ya pafupi ndi kwawo. M'fayilo ndinalemba kuti watumizidwa, n'kutseka. Patatha masabata atatu anabwera atanyamulidwa, ali chikomokere. Atatsitsimuka ndinamufunsa za kalata ija. Anaitulutsa m'thumba la jekete, itapindidwa kanayi, m'mphepete mutada. Kukliniki anapita ndithu. Anamuuza kuti odwala shuga amaonedwa tsiku lina pa sabata, abwerenso. Ndalama yoyendera kachiwiri analibe, ndipo anachita manyazi kundiimbira poti ndinali nditamuchitira kale zambiri. Foni imodzi ya mphindi ziwiri, yofunsa kuti kliniki ya shuga imakhala tsiku liti, ikanaletsa zonsezo.

Kuchokera tsiku limenelo sinditseka fayilo ndisanamve kuchokera tsidya linalo kuti munthu wafika ndipo walandiridwa. Inu anamwino chinthu chimenechi mumachidziwa kale: simuchoka pashifiti musanapereke lipoti kwa amene akulowa, bedi ndi bedi. Case management ndi lipoti lomwelo, kungoti wolandirayo ali kuofesi ina, kutali, sakukudziwani, ndipo nthawi zambiri palibe lamulo lomukakamiza kukumverani. Luso limeneli muli nalo, ndipo ndi limene ophunzira a social work ambiri amavutika kulizolowera.

Pali lina limene mudzafunika kulivula. Namwino amaphunzitsidwa kulangiza: imwani mankhwala, siyani fodya, bwerani pa tsiku lakuti. M'wodi zimayenda, chifukwa wodwala ali pabedi lanu. Kunyumba kwake mwini nyumba ndi iye. William Miller, katswiri wa zamaganizo amene ankagwira ntchito ndi anthu ovutika ndi mowa, anafotokoza mu 1983 njira yotchedwa motivational interviewing, imene pambuyo pake anaikulitsa limodzi ndi Stephen Rollnick. Chimene anaona n'chakuti ukamamukankha munthu kuti asinthe, iye amayamba kuikira kumbuyo khalidwe lakelo, ndipo akamadzimva yekha akuliikira kumbuyo amalimbikira nalo. Ukamufunsa mwaluso mpaka zifukwa zosinthira zituluke pakamwa pake, zimagwira. Kuphunzira kutseka pakamwa pamene yankho ukulidziwa n'kovuta kuposa mmene zikumvekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chovuta kwambiri n'chakuti munthu wamkulu, wamutu wabwinobwino, ali ndi ufulu wosankha zimene inu mukuona kuti zimupweteka. Mayi akhoza kubwerera kwa mwamuna amene amamumenya. Gogo akhoza kukana kupita kwa ana ake n'kusankha kukhala yekha. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti akumvetsa, kumuyalira njira zonse, kukonza naye zoti adzachite zinthu zikadzaipa, n'kusiya khomo lotsegula. Pali malire ake, inde. Mwana akakhala pangozi, kapena munthu akanena kuti akufuna kudzipha kapena kupha wina, chinsinsi chimagonja. Mlandu wa Tarasoff, umene khoti lalikulu la California linagamula mu 1976, umaphunzitsidwa m'masukulu ambiri pankhani imeneyi: wopereka uphungu akadziwa kuti amene akumuthandiza akufuna kuvulaza munthu wodziwika, ali ndi udindo woteteza munthuyo. Malamulo enieni amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kudziwa a kumene mukugwira ntchito ndi gawo la ntchitoyo.

Za sukulu tsopano. Njira zili ziwiri, ndipo kutalika kwake n'kosiyana kwambiri. Yoyamba ndi kukhalabe namwino n'kulowa pampando wa case manager. Apa chimene amayang'ana ndi chiphaso chanu ndi zaka zanu za m'wodi, mwina ndi kosi yowonjezera. Ku America kuli satifiketi ya ma case manager yotchedwa CCM, yoperekedwa ndi bungwe la Commission for Case Manager Certification. Munthu amalemba mayeso atagwirako kale ntchitoyi, ndipo amaikonzanso zaka 5 zilizonse. Ambiri amene ali nayo ndi anamwino.

Yachiwiri ndi digiri ya social work. Ku America digiri yoyamba imatenga zaka 4 ndipo ili ndi maola osachepera 400 ogwira ntchito pansi pa woyang'anira. Digiri yachiwiri, ya masitazi, kawirikawiri imatenga zaka 2 ndi maola osachepera 900, ndipo imalandira anthu amene digiri yawo yoyamba ndi ya maphunziro ena. Wofuna kupereka chithandizo cha uphungu payekha amawonjezera maola ena oyang'aniridwa, m'zigawo zambiri pafupifupi 3,000, kenako mayeso a ASWB, bungwe lokonza mayeso opezera chiphaso cha social work. Ku England wophunzira amachita masiku 200 ophunzira ntchito, ndipo kudzitcha social worker osalembetsa ku Social Work England, bungwe limene linayamba ntchito mu 2019, ndi mlandu. Ku South Africa digiri ndi ya zaka 4 ndipo munthu amalembetsa ku bungwe la SACSSP. Ndatchula maikowa kuti muone chinthu chimodzi chofanana: kulikonse kumene ntchitoyi yakhazikika, maola ogwira ntchito pansi pa woyang'anira ndiwo msana wa maphunziro. Sukulu iliyonse imene mukuiganizira, ifunseni kuti ophunzira ake amakazolowera ntchito kuti, kwa masiku angati, ndipo amawayang'anira ndani. Ifunseninso ngati digiri yake imavomerezedwa ndi bungwe lolembetsa la kumene mukufuna kukagwira ntchito, ndipo yankho lakelo mukalitsimikizire ku bungwelo, musangomva za m'kabuku kotsatsa. Makosi a pa intaneti olonjeza satifiketi ya case management m'masabata 6 akhoza kukuphunzitsani kanthu, koma sakupatsani chilolezo cha ntchito iliyonse.

Malipiro ndinena mwachidule. Anthu salemerera pa social work. Ku America, mwachitsanzo, namwino kawirikawiri amalandira zambiri kuposa social worker. Ndiye yerekezani bwino malipiro a kumene muli musanalipire fizi ya zaka zingapo kuti mudzalandire zochepa kuposa lero. Ntchito zambiri za m'mabungwe othandiza anthu ndi za kontirakiti, zodalira ndalama za pulojekiti, ndipo pulojekiti ikatha ntchitonso yatha. Koma malo ogwirako ndi ambiri: zipatala, makliniki a HIV ndi TB, chithandizo cha odwala maganizo, chisamaliro cha odwala amene sachira, chitetezo cha ana, masukulu, ndende, misasa ya othawa kwawo, makampani a inshuwalansi.

Pali zinthu ziwiri zimene mabuku otsatsa maphunziro sanena. Choyamba, amene amakulipirani ndi amene mukumuthandiza safuna chinthu chimodzi nthawi zonse. Mipando ya case manager inachuluka m'zipatala za ku America pambuyo pa 1983, pamene ndondomeko ya boma ya Medicare inayamba kulipira zipatala ndalama yoikika malinga ndi mtundu wa matenda, m'malo molipira zonse zimene chipatala chawononga. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse lowonjezera pabedi linasanduka kuluza kwa chipatala. Kwina chimene chimakankha si inshuwalansi, ndi odwala ena amene akudikira bedi lomwelo. Mulimonsemo, mudzamva funso loti “uyu atuluka liti” kangapo pa tsiku. Tsiku lina mudzayenera kuima pamaso pa dokotala wamkulu n'kunena kuti uyu sangatuluke lero, ndipo mudzafunika zifukwa zolembeka: palibe womunyamula, mpweya wa oxygen sunafike kunyumba, amene anamuvulaza akadali m'nyumbamo. Kunena kuti ndikumumvera chisoni sikusuntha munthu pamsonkhano umenewo.

Chachiwiri chikukhudza maloto anu enieni, oti odwala asamabwerere. Mumzinda wa Camden, m'chigawo cha New Jersey, munali pulogalamu yotchuka kwambiri yotsatira kunyumba odwala amene amagonekedwa pafupipafupi, ndi gulu la anamwino, ma social worker ndi ogwira ntchito zaumoyo a m'dera. Eni ake anachita chinthu cholimba mtima, analola kuti iyesedwe mwa kafukufuku wogawa odwala m'magulu awiri mwamaere. Zotsatira zinatuluka mu 2020 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Mwa odwala 800, obwerera kuchipatala pasanathe masiku 180 anali pafupifupi 62 pa 100 alionse m'magulu onse awiri, otsatiridwa ndi osatsatiridwa omwe. Poyamba pulogalamuyo inkaoneka ngati ikugwira ntchito chifukwa munthu amene wasankhidwa pa nthawi imene wadwalitsitsa amakhala akupita kwabwinoko ndi kale, kaya wathandizidwa kaya ayi. Ine sindiwerenga zimenezi ngati umboni woti ntchito yathu ndi yachabe. Mmene ndimazionera, wolumikiza amalumikiza zimene zilipo. Ngati nyumba palibe, chithandizo cha uchidakwa palibe, mankhwala atha, kalata yolembedwa bwino chotani singazilenge. N'chifukwa chake social work ili ndi mbali ina imene anthu amaiiwala, yolimbana ndi malamulo ndi kagawidwe ka chuma. Jane Addams, amene anayambitsa Hull House, nyumba yothandiza anthu osauka, ku Chicago mu 1889 n'kudzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1931, anali wa mbali imeneyo. Ngati mulowa poganiza kuti wodi ikhala yopanda obwerera, mudzakhumudwa chaka chisanathe.

Kutopa nakonso n'kwenikweni, ngakhale inu simukusowa wokuuzani. Herbert Freudenberger analemba za kutheratu mphamvu kwa ogwira ntchito zothandiza anthu mu 1974, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linakufotokoza monga vuto lobwera chifukwa cha ntchito. Kutopa kwa m'wodi kumagwira miyendo ndi msana. Kwa ntchito yathu kumabwera mwakachetechete: umayamba kupewa foni ya munthu wina wake, umayamba kunena za “fayilo ya bedi 12” m'malo mwa dzina, kapena mosemphana ndi zimenezo, umayamba kupereka nambala yako ya foni ndi ndalama za m'thumba mwako kwa aliyense. Amene ndawaona akugwa msanga ndi aja a mtima wabwino kwambiri, osadziwa kunena kuti apa ndi pamene ndilekezere. Mankhwala ake amene ntchito yathu inapeza ndi kukhala pansi kawirikawiri ndi woyang'anira wodziwa ntchito, kukambirana nkhani zovuta ndi mmene zikukukhudzira. Mutu umodzi susenza denga. Mukadzaitanidwa ku intavyu, nanunso mufunse: ndidzakhala ndi anthu angati pa nthawi imodzi? Wondiyang'anira ndani, ndipo tizikumana kangati? Popita kunyumba za odwala ndimapita ndekha? Malo amene akuzengereza kuyankha mafunso atatuwa muwaganizire kawiri.

Ndiye ndikulangizeni chiyani? Malinga ndi zimene mwalemba, musasiye ntchito, ndipo musayambirenso sukulu pakali pano. Chimene chikukuwawani ndi odwala obwerera, ndipo mpando wapafupi ndi vuto limenelo ndi wa namwino wokonza za kutuluka kwa odwala ndi kuwatsatira. Chiphaso chake muli nacho kale, chisungeni chamoyo zivute zitani. Digiri ya social work muiganizire pokhapokha mukadzaona kuti chimene chimakukokani si shuga wa mnyamata uja ayi, koma manyazi amene anamuletsa kuimba foni; kuti mukufuna kugwira ntchito ndi ana ozunzidwa, mabanja osokonekera, kapena kupereka uphungu. Zikatero, fufuzani masitazi imene imalandira anthu a digiri ina ngati muli nayo, kapena maphunziro oti muzichita mukugwira ntchito.

Pakali pano pemphani kwa oyang'anira wodi kuti muyende ndi social worker wa pachipatala panu masiku awiri kapena atatu, ndipo musasankhe masiku osangalatsa okha, mukhalepo ndi pa nthawi yolemba mafayilo. Kenako, mutapempha chilolezo kwa akuluakulu anu ndi kwa wodwalayo, sankhani munthu mmodzi amene akutuluka sabata ino, mumuimbire pa foni ya kuntchito patatha masiku 7. Mumufunse ngati mankhwala onse ali nawo ndipo akumwa bwanji, awerenge yekha zimene zalembedwa pabotolo. Mumufunse amene akumuthandiza usiku. Ndipo mumufunse kuti kalata imene munamupatsa ija ili kuti.